Moko yatha, pepala labwera: nanga tichite nalo chiyani?

Mu Januwale, sukulu za ku England zikatsegulira pambuyo pa tchuthi cha Khirisimasi, m'makomo ena a Amalawi ku Manchester, Leicester ndi Nottingham mumabuka kamkangano ka manambala. Mwana wa Year 11, kalasi yomwe tingaiyerekeze ndi Folomu 4 ya kwathu, amafika ndi zotsatira za mayeso a moko n'kunena kuti wapeza 3 pa Media Studies. Kholo lomwe linalemba MSCE ku Dedza kapena ku Mulanje limayamba kumwetulira, poti kwathu 3 ndi kirediti yamphamvu ndipo 9 ndiye kulephera. Koma ku England makwerero anazondoka. Kuyambira 2017 magiredi a GCSE amayambira pa 9 kutsika mpaka 1, ndipo 9 ndiye pamwamba. Wopeza 4 amati wakhoza, wopeza 5 wakhoza bwino. Ndiye kuti 3 uja sanafike n'komwe pamzere. Kumwetulira kukazilala pamabwera funso laukali: iwe ungalephere bwanji phunziro loonera TV?

Mkangano ukamatentha chonchi, chinthu chaphindu chimakhala chili phee m'chikwama, chokwinyika pakati pa makope. Ndi pepala lomwe mwanayo analembapo mayankho, lokhala ndi inki ya aphunzitsi m'mphepete. Ana ambiri amangoliyang'ana pamwamba, pamene palembedwa giredi, kenako n'kuliponya pansi pa bedi. Makolo ambiri salifunsa n'komwe. Chikhalirecho pepala limenelo ndi lokhalo lomwe lingauze munthu zoti achite m'miyezi inayi yotsala asanalowe m'chipinda cha mayeso enieni mu Meyi ndi Juni.

Tiyambe tadziwa phunzirolo, popeza ambirife sitinakumane nalo ku sekondale. Kwathu tinazolowera MANEB imodzi yoyesa dziko lonse. Ku England sukulu imasankha yokha bungwe loti liyese ana ake, ndipo pa Media Studies ya GCSE mabungwe ake ndi AQA, OCR ndi Eduqas. Silabasi yomwe ilipoyi inayamba kuphunzitsidwa mu 2017, mayeso ake oyamba n'kulembedwa mu 2019. Malikisi 70 pa 100 aliwonse amachokera ku mapepala awiri olemba m'chipinda cha mayeso. Otsalawo, 30, amachokera ku chinthu chimene mwana amapanga yekha: chikuto cha magazini, chikwangwani cha filimu, kavidiyo ka nyimbo kapena tsamba la pa intaneti. Mafunso onse amazungulira pa mitu inayi: mmene zithunzi, mitundu, kamera ndi mawu zimaperekera tanthauzo, mmene anthu amaonetsedwera, kaya ndi akazi, achinyamata kapena anthu akuda, eni ake a nyuzipepala, wailesi ndi mafilimu ndi njira zomwe amapezera ndalama, ndiponso omvera ndi oonera, zomwe amafuna ndi mmene amalandirira uthenga.

Bungwe lililonse limasankha zinthu zingapo zoti ana azizukute mozama. A Eduqas akhala akuika nyuzipepala za The Sun ndi The Guardian, zikwangwani za mafilimu a James Bond, sewero la pa wailesi la The Archers, masewera a Fortnite, ndi sewero la apolisi la Luther pambali pa linzake lakale la The Sweeney la 1975. A AQA akhala akuika Daily Mirror ndi The Times, gawo loyamba la Doctor Who la 1963, ndi tsiku lomwe BBC Radio 1 inatsegulidwa mu 1967. Mndandanda umasinthasintha, kotero mwana yemwe akuwerenga makope a mkulu wake wa zaka zitatu zapitazo angathe kutha sabata yonse akuloweza chinthu chomwe chinachotsedwa kale. Funso loyamba la kholo lisakhale la giredi. Likhale lakuti: bungwe lako ndi liti, ndipo mndandanda wa chaka chino uli kuti?

Moko nayo si ya masewera. Giredi yake ndi yomwe aphunzitsi amatsamirapo polosera zomwe mwana adzapeze, ndipo kulosera kumeneko n'kumene makoleji ndi sukulu za A-level zimayang'ana popereka malo. Mu 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 utalepheretsa mayeso a GCSE, magiredi anaperekedwa potengera kuyesa kwa aphunzitsi, ndipo mapepala a moko anali mbali ya umboni. Chiyambire nthawi imeneyo sukulu zambiri zimaichititsa mwaulemu wake, m'holo, mafoni atalandidwa. Komabe moko imayesa mwana wa Novembala kapena Disembala, yemwe mwina silabasi sanaimalize ndipo sanayambe walembapo kwa mphindi 90 osapumira.

Pepala lomwe ndinaliona pafupi ndi la mwana wa mlongo wanga, yemwe sukulu yake imalemba za Eduqas. Anapeza 4, ndipo zinamupweteka chifukwa phunziroli amalikonda.

"Amalume, ine ndinalemba zambiri," anatero akundipatsa. "Mapeji anadzaza. Malikisi anapita kuti sindikudziwa."

Sananame. Peji yoyamba ndi yachiwiri zinali zodzaza mpaka pansi, zilembo zooneka bwino. Funso linali la chithunzi chotsatsa maswiti a Quality Street cha 1956. Pa chithunzicho mwamuna wovala suti wakhala pakati pa akazi awiri, chitini cha maswiti chili pamiyendo pake, akaziwo amuyandikira m'masaya uku manja awo akulunjika m'chitinimo. Kumbuyo kwapachikidwa chithunzi china cha m'felemu yagolide, cha msilikali ndi mayi ovala zovala za makedzana. Mtsikanayu anafotokoza zonsezi mosaphonya kanthu: suti, madiresi, chitini, felemu. M'mphepete aphunzitsi analemba kafunso kamodzimodzi katatu, pa ndime iliyonse: chifukwa chiyani?

Apa ndi pamene phunziroli limagwetsera ana ochenjera. Wochonga mayeso chithunzicho ali nacho, safuna kuuzidwa zomwe zilipo. Akufuna kumva kuti amene anachijambula anasankha dala chilichonse, ndipo anasankhiranji. Mwamuna waikidwa pakati, maswiti ali m'manja mwake, ndiye kuti diso la woonera likuuzidwa kuti mwini chuma ndi wosankha ndi iyeyo, pomwe akazi aikidwa pamzere umodzi ndi maswiti ngati zinthu zoti asankhepo. Felemu yagolide ikubwereketsa ulemerero wa anthu apamwamba kwa maswiti omwe kampani ya Mackintosh ya ku Halifax inkagulitsa kwa anthu wamba. Ndipo chakacho chili ndi nkhani yake: boma la Britain linasiya kugawa maswiti ndi shuga mwa muyezo mu 1953, patatha zaka zambiri za nkhondo ndi kusowa, choncho chitini chodzaza mu 1956 chinkalankhula za kukhuta komwe anthu anali atakuiwala. Ziganizo zitatu zotere zimaposa mapeji awiri ofotokoza mtundu wa diresi. Nditamufunsa, mtsikanayu zonsezi anazinena pakamwa mosajejema. Ankazidziwa, kungoti sanadziwe kuti ndizo zimagulidwa.

Tinapitiriza kutsegula. Pepala loyamba la Eduqas lili ndi malikisi 80 ndipo limalembedwa kwa ola limodzi ndi theka, kotero likisi iliyonse ili ndi mphindi imodzi ndi kanthu pang'ono. Funso lolemera kwambiri, la malikisi 25, limafuna kuti mwana ayerekeze chinthu chomwe anaphunzira m'kalasi ndi china chomwe akuchiona koyamba tsiku lomwelo. Pa funso limeneli iye analemba theka la peji. Zilembo zinali zitayamba kupendekeka, zikuonetsa munthu yemwe wayang'ana wotchi n'kudzidzimuka. Chakumapeto, pa mafunso aafupi okhudza eni nyuzipepala ndi oziyang'anira, panali mipata yoyera. Limodzi anayankha kuti nyuzipepala zimayang'aniridwa ndi Ofcom. Ofcom imayang'anira wailesi ndi TV. The Sun ili pansi pa IPSO, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2014 pambuyo pa kafukufuku wa Leveson wa mchitidwe wa atolankhani ena wobera mauthenga a m'mafoni a anthu.

Pepala limodzi lomwelo linaonetsa matenda atatu osiyana. Pena sankadziwa. Pena ankadziwa koma sanalembe m'njira yomwe imapatsa malikisi. Pena nthawi inamuthera. Tinatenga pensulo n'kulemba pambali pa likisi iliyonse yotayika kuti yatayika ndi matenda ati. Zosadziwa zinapezeka zochepa kwambiri pa zonse. Izi zinamudabwitsa, chifukwa ndondomeko yomwe anali atakonza kale, yokongola ndi mitundu, yomata pakhoma, inali yonse ya kuwerenganso makope kuyambira peji yoyamba. Akanatha miyezi inayi akuchiza matenda aang'ono, aakulu awiriwo osawakhudza.

Si iye yekha amene giredi inamuphimba m'maso. Mu 1988 katswiri wina wa maphunziro ku Israel, Ruth Butler, anagawa ana m'magulu: ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Omwe anapita patsogolo anali a ndemanga zokha. Opatsidwa zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha, ngati kuti nambala ikangooneka ndemanga siiwerengedwanso. Paul Black ndi Dylan Wiliam atafalitsa mfundo zotere ku England mu 1998, aphunzitsi ena anayamba kubweza mapepala giredi atabisa, kuti mwana ayambe wawerenga za m'mphepete. Kunyumba tingathe kuchita chimodzimodzi osalipira kanthu: kuphimba nambalayo ndi chala, n'kufunsa kuti apa aphunzitsi akuti chiyani.

Za kawerengedwe nazo zinafufuzidwa kalekale, ngakhale ana athu amakondabe njira zomwe zimatonthoza mtima. Hermann Ebbinghaus anaonetsa mu 1885 kuti zomwe munthu waloweza zimathawa mofulumira m'masiku oyambirira ngati sazibwerera. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapeza kuti ophunzira omwe anatseka buku n'kudziyesa anakumbukira zambiri patapita sabata kuposa omwe anangowerenga mobwerezabwereza, ngakhale owerengawo ndi omwe ankadzimva kuti akonzeka. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zowerengera. Zomwe zinaima pamwamba zinali ziwiri: kudziyesa, ndi kumwaza kuwerenga pa masiku ambiri m'malo mounjika usiku umodzi. Kuwerenganso makope ndi kupaka mizere ndi zolembera zowala zinatsalira pansi. Ife amene tinakula tikuviika mapazi m'madzi ozizira kuti tisagone pa nthawi ya MSCE sitingakonde kumva zimenezi, koma magulu aja omwe ankakhala pansi pa mtengo n'kumafunsana mafunso a mapepala akale a MANEB ndiwo ankachita zolondola.

Ndondomeko yatsopano ya mtsikanayu inatuluka m'pepala lomwe lija, ndipo siyokongola. Za kudziwa anazipatsa makadi ang'onoang'ono, funso kutsogolo yankho kumbuyo, oti azidziyesa nawo m'basi: The Sun ndi ya News UK, kampani ya banja la Rupert Murdoch, The Guardian ndi ya Scott Trust, BBC imayendera ndalama za layisensi zomwe makomo oonera TV amalipira, zaka zoyenera kuonera filimu amaika ndi a BBFC, za masewera a pakompyuta zimatsata PEGI. Zimenezi ndi mphindi khumi pa tsiku, basi. Nthawi yeniyeni anaipereka ku kulemba. Kawiri pa sabata amatenga chikuto cha magazini kapena tsamba loyamba la nyuzipepala lomwe sanalionepo, n'kutchera wotchi, n'kulemba ndime imodzi yokha yomwe chiganizo chilichonse chotchula chinthu chimatsatidwa ndi china chonena chifukwa chake. Loweruka amalemba funso la malikisi 25 lathunthu, mphindi zake zikatha cholembera pansi, kaya wamaliza kaya ayi. Ali ndi maphunziro ena ambiri oti awerenge, masamu ndi Chingerezi zili patsogolo poti wolephera kufika 4 pa ziwirizi amayenera kuzibwereza, choncho Media Studies singadye madzulo onse.

Chomwe chinandidabwitsa ine, wobadwira m'nthawi yomwe pepala lakale la mayeso linali chuma chobisa, n'chakuti mabungwewa amaika poyera pa intaneti mapepala akale, ndondomeko zochongera, ndi malipoti a ochonga ofotokoza pomwe ana a chaka chatha anapunthwa. Zaulere. Ana ochepa okha ndi omwe amatsegula malipotiwo, chonsecho ndi mmene wochonga amanenera poyera zomwe zimamusangalatsa ndi zomwe zimamutopetsa. Mwana akalemba yankho lake, n'kulichonga yekha ndondomeko yochongera ili pambali, amayamba kuona pepala ndi maso a munthu amene adzalipatse malikisi. Chenjezo ndi limodzi: malire a magiredi amaikidwa chaka ndi chaka mapepala atachongedwa, kotero kuwerengetsera kuti ndikangowonjezera malikisi mwakuti ndafika 6 n'kungoyerekeza chabe.

Pali msampha wina womwe umakola makamaka ana akhama. Phunziroli lili ndi mayina a akatswiri: Vladimir Propp, yemwe mu 1928 anasanthula nthano za ku Russia n'kupeza kuti anthu ake amagwira maudindo omwewomwewo, ngwazi, mdani, mthandizi, Laura Mulvey, yemwe mu 1975 analemba za mmene kamera imayang'anira mkazi ndi diso la mwamuna, Jay Blumler ndi Elihu Katz, omwe anafunsa zomwe anthu amapindula akamaonera. Ana amaloweza mayinawa n'kumawawaza m'mayankho poganiza kuti dzina lokha ndi likisi. Wochonga sagula zimenezo. Dzina la Propp limapindula pokhapokha mwana akaonetsa kuti Luther, wapolisi yemwe amathyola malamulo omwe akuwateteza, sakukwana bwinobwino m'chikombole cha ngwazi, ndipo n'chifukwa chake oonera samuchotsa maso. Wina aliyense amene anakulira nthano za Kalulu amadziwa kuti ngwazi yachinyengo imakoma kuposa yolungama.

Malikisi 30 a ntchito yopanga yekha asaiwalike m'chipwirikiti cha moko. Amenewa sadalira mmene mwana wadzukira tsiku la mayeso, ndipo m'sukulu zambiri ntchitoyo imakhala isanatsekedwe mu Januwale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kubwerera ku malangizo a ntchitoyo n'kuona ngati zonse zofunidwa zilipo, zithunzi zojambula yekha, kukula kwake, anthu omwe akuwalunjika, ndi ntchito ya madzulo ochepa yomwe ingasunthe giredi yonse.

Makolo ambiri a kwathu amadziona ngati alibe chothandiza pa phunziroli, ena amalinyoza kumene poti si udokotala kapena uloya. Ine ndikuona kuti pa maphunziro onse a GCSE, ili ndi lomwe Mmalawi wa zaka makumi asanu amalidziwa kuposa mwana wake. Stuart Hall, yemwe anabadwira ku Jamaica mu 1932 n'kukaphunzitsa ku Birmingham, ananena mu 1973 kuti uthenga umodzi omvera angaulandire monga mwini wake akufunira, angaulandire mokayikira mbali zina, kapena angaukane n'kumva zosiyana nazo. Mlongo wanga atamva mwana wake akuloweza zimenezi anaseka. Iye anakula m'nthawi ya Kamuzu, wailesi ili imodzi yokha ya MBC, Daily Times ndi Malawi News zili za kampani ya Kamuzu yemweyo, TV kulibe mpaka 1999. Anamufotokozera mmene agogo a mtsikanayo ankamverera nkhani za madzulo pa MBC, kenako n'kuchepetsa mawu a wailesi n'kusaka BBC, makamaka mu 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, kuti amve zomwe sizinanenedwe.

"Ndiye agogo ankachita zomwe Hall akunenazi?" anafunsa mtsikanayo.

"Hall wakoyo sankamudziwa," anayankha mayi ake. "Koma ukamva nkhani uzifunsa kuti wailesiyi ndi ya ndani, ndipo akufuna ndikhulupirire chiyani. Ndi zomwe tinkachita."

Za MBC sangazilembe pa mayeso, poti sizili pa silabasi. Koma funsolo analitenga n'kupita nalo pa tsamba loyamba la The Sun, ndipo ndime yomwe inatuluka inali yoyamba kusakhala ndi kafunso ka aphunzitsi m'mphepete. The Archers nayo inasiya kukhala sewero lotopetsa la nkhalamba za ku England mayi ake atamuuza za Kapalepale ndi Zimachitika. The Archers inayamba kumveka dziko lonse la Britain mu 1951 ndi cholinga chophunzitsa alimi ulimi wamakono kudzera m'nkhani za banja, njira yomweyo yomwe masewero a pa wailesi a kwathu akhala akuphunzitsira za Edzi ndi ulimi.

Chomwe sitingachite kunyumba ndi kuchonga ngati mphunzitsi. Mtsikanayu anapita ndi pepala lake lija kwa aphunzitsi ake, atalemba kale pambali matenda atatu aja, n'kupempha kuti azimuonera yankho limodzi lalitali pa sabata. Anavomera limodzi, osapitirira, popeza ali ndi makalasi ena owayembekeza, ndipo anaika lamulo lakuti likhale lolembedwa pamanja ndi wotchi, osati lotayipa pa kompyuta usiku wonse. Sukulu yawo ili ndi moko yachiwiri chakumayambiriro kwa Malichi, ya pepala lachiwiri, lomwe limayamba ndi kuonera kachigawo ka sewero la pa TV asanayambe kuyankha. Kulemba manotsi maso ali pa kanema sanakuyeserepo, ndiye kwalowa pa ndondomeko ya Lachitatu, m'malo mwa makadi.